Kuwerenga Mavoti Pansi pa Boneti

Mwezi watha ndinalowa m'sitolo ina pano pa boma la Chitipa kukafunsa mtengo wa batire la galimoto. Mnyamata wa pakauntala atanditchulira mtengowo, ndinamuuza mwaulemu kuti mwina sanandimvetse: ndikufuna batire lokha, galimoto ndili nayo kale. Sanaseke. Anandilongosolera ngati mwana wa sitandade 2 kuti katunduyo amachita kuwoloka naye Songwe, ndipo tsidya linalo kwacha yathu amaiyang'ana ndi diso la nkhwezule. Akuti chiigwetsereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo imadzuka tambala asanalire. "Mukabwera Lolemba, madala, musadzati ndinakunamizani." Ndinatuluka manja ali m'thumba, momwe munali kiyi, chisa ndi khadi la mpingo.

Kagalimoto kanga kanachokera ku Japan kudzera padoko la Dar es Salaam, ndipo ine ndine mwini wake wachinayi. Chokoma chake n'chimodzi: n'kosintha magiya ndi dzanja, choncho kamalira ukakakankha. Chifukwa cha chimenechi, palibe munthu amadziwa mitsetse ya Chitipa kuposa ine. Pamsika ndimaimika motsetsereka, kutchalitchi motsetsereka, pamaliro motsetsereka. Alamu anga ena ndinasiya kuwayendera, osati kuti tinayambana ayi, koma nyumba yawo anaimanga pachigwa. Ana a m'dera lathu akangomva kuti "tche-tche-tche" m'mawa, amasiya phala n'kuthamangira kumbuyo kwa galimoto osaitanidwa. Amadziwa kale malo awo, wamtali pakati, aafupi m'mbali.

Ndiye kunabwera mwana wa achemwali anga amene amaphunzira ku Mzuzu. Anaonerera mwambo wokankhawu masiku awiri, lachitatu n'kundikhazika pansi.

"Ankolo, musathamangire kugula batire. Mukudziwa bwanji kuti ndi lomwe lafa? Masiku ano zinthu amayamba ayeza."

Anatulutsa kachipangizo kofanana ndi bokosi la machesi, n'kugwada pansi pa chiwongolero. Kumeneko, zaka zonsezi ine osadziwa, kuli kachibowo ka mano 16 kotchedwa OBD, komwe amakaniko a m'tauni amalumikizako kompyuta. Anakalowetsa, n'kuika pulogalamu m'foni yanga, ziwirizo n'kuyamba kulankhulana pa Bluetooth ngati zinakulira mudzi umodzi. Pagalasi la foni panatuluka nambala: 12.2.

"Amenewa ndi ma-volts a batire lanu."

Iye ananena m'Chingerezi cha ku Mzuzu, koma makutu anga anakulira pa wailesi. Ine ndinamva kuti mavoti. Ndipo kuyambira tsiku limenelo, pakhomo panga panakhazikitsidwa bungwe loyendetsa zisankho, wapampando wake ine, mlembi ine, woyang'anira wochokera kunja ine ndemwe.

Malamulo a chisankhochi ndinawalemba kuseri kwa kalendala. Batire lili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse chimaponya mavoti 2.1, onse pamodzi 12.6. Likafika pamenepo injini itazima, ndiye kuti lapambana moonekeratu, lalumbira kale. Likakhala pa 12.4, latsala ndi magawo atatu mwa anayi a mphamvu zake, lingalamulire koma lizilankhula mofatsa. Pa 12.2 ndiye theka lenileni. Kutsika pa 12, ayi ndithu, liyambe kulongedza katundu. Ndipo chipinda chimodzi chikangofa, chikangonyanyala kuti sichivota, zonse zimagwera cha m'ma 10.5, boma lagwa.

Mwaona vuto langa? Langalo linali pa 12.2: 50 peresenti yeniyeni, koma yopanda ija yowonjezera imodzi imene makhoti anatiphunzitsa mu 2020. Mwalamulo linayenera kubwereza chisankho. Ndipo linkabwerezadi m'mawa uliwonse, ana asanu ndi awiri ali kumbuyo.

Poyamba ndinkaona zotsatira kamodzi patsiku. Kenako ndinazindikira kuti Bluetooth imafika mamita ngati 10, ndipo galimoto imagona kuseri kwa zenera la kuchipinda. Basi tulo tinathera pomwepo. Cha m'ma 10 usiku, 12.3. Pakati pausiku, 12.2. Ndinkadzuka mwakachetechete, n'kufunda bulangete kumutu kuti kuwala kusaoneke, n'kumausa moyo ndekha.

Usiku wina bulangete linavundukulidwa.

"Bambo a Mphatso, ameneyo ndani?"

"Ndi batire, mayi."

"Ndiye dzina mwamulemba m'fonimo limenelo?"

Ndinawaonetsa nambala ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kundiyang'ananso ine. Ndikhulupirira kuti akanapeza uthenga wa mkazi zikanawavuta pang'ono, chifukwa zoterozo ankhoswe amadziwa poyambira. Koma mwamuna wolirira 12.1 pakati pausiku, ungakamutule kwa ndani?

"Inu," anatero, "mwana ameneyu atatentha thupi chaka chatha munagona mpaka kucha."

Wapampando wa bungwe sayankha mafunso zotsatira zisanatsimikizike. Ndinatembenukira kukhoma.

Koma chinthu chimodzi chinandisautsa. Madzulo ndinkasiya 12.3, m'mawa n'kupeza 11.9. Galimoto yosayenda, magetsi ozima, zitseko zokhoma. Mavoti anga ankapita kuti? Apa panalibe kukayika: wina ankabera usiku.

Woyamba kumuganizira anali mphepo. Amene sanagonepo kuno miyezi ya Juni ndi Julayi asatsutse. Kukazizira, asidi wa m'batire amagwira ntchito mwaulesi, mafuta a mu injini amalimba ngati phala la dzulo, ndiye pamene injini ikufuna mphamvu zambiri m'pamene batire lili ndi zochepa. Anthu ovota safuna kutuluka m'nyumba kukazizira. Ndinalifunditsa batirelo chiguduli, ine ndemwe n'kugona ndi bulangete limodzi. M'mawa: 11.9.

Wachiwiri anali ufa woyera uja umamera pamitu ya batire pomwe pamangidwa mawaya. Nditauona ndinakuwa kuti tipekisi! Amene anali moyo mu 2019 akundimvetsa. Ndinautsuka ndi madzi ofunda osakaniza soda wophikira therere, n'kupala ndi sandipepala, n'kumanga ndi sipanala. Therere la tsiku limenelo linaphikidwa lopanda soda, ndipo nkhani yake sinathebe. M'mawa: 11.9.

Wachitatu anali Mphatso, amene anavomera atapanikizidwa kuti amalowa m'galimoto kumvera mpira pa wailesi Chitipa United ikamasewera. Ndinamulanda kiyi, ndipo ndinamuuza kuti timu ikufuna mapemphero, osati batire langa. M'mawa: 11.9.

Ndinaimbira mwana wa achemwali uja. Anati vuto ndi maulendo anga: kunyumba, kumsika, kutchalitchi, kunyumba. Akuti kuliza injini kumadya mphamvu zambiri, ndipo kaulendo ka mphindi zisanu sikabweza zimene zadyedwazo. "Muipititse ku Karonga n'kubwerako, ankolo, ichajike bwino." Ku Karonga! Makilomita ngati 100 kupita, 100 kubwera, kukhota m'mapiri monse muja kudutsa pa Kayelekera, ndi petulo amene ndinamugonera pamzere. Ndithire mafuta a mwezi wathunthu kuti ndikasangalatse batire. Imeneyo ndiye kampeni yeniyeni: kuwononga chuma cha banja kuti upeze mavoti 0.4.

Ndinasankha njira yotsika mtengo, ya mgwirizano. Aneba anga ali ndi galimoto ya batire latsopano, ndipo tinamvana kuti m'mawa uliwonse tizilumikiza mawaya, wofiira ku wofiira, winayo ku chitsulo cha injini. Masiku atatu oyamba tinkapatsana moni wa "mwaghona" mpaka kugwirana manja awiri. Lachinayi anayamba kunena kuti popanda iwo ine si kanthu. Lachisanu anapempha kuti ndiziwatengera ana kusukulu, monga mwa pangano limene ine sindikumbuka kuti tinasainirana. Pofika Loweruka mgwirizano unatha, aliyense akuuza anthu kuti wachoka yekha.

Kenako magetsi anathima masiku awiri, foni n'kutsala pang'ono kuzima. Wapampando angakhale bwanji osadziwa zotsatira? Ndinakaichaja m'galimoto, injini ili chizimire, kuti ndithe kuona mmene batire la galimoto likuthera. Ndinakhala pampando ola lathunthu ndikuonerera 12.0 ikusanduka 11.8, mtima ukuwawa, osadziwa kuti udzudzu ukundiyamwa ndi womwe ndaufungatira.

Mapeto ake anandikankha mpaka kwa makaniko wina wachikulire amene amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango. Ndinamupatsa kope momwe ndinalemba zotsatira za masabata atatu, m'mawa, masana ndi usiku, zina ndi inki yofiira. Analiika padenga la galimoto n'kulitsamiza ndi mwala kuti lisauluke. Anasuzumira pansi pa chiwongolero, n'kuona kanyali kakuphethira.

"Bwana, aka kamagona pomwepa?"

"Ameneyo ndi monita wanga. Sachoka pamalo owerengera."

Anakazula n'kundipatsa m'manja. Akuti pa mano 16 aja, limodzi limakhala ndi moto nthawi zonse, kiyi ali mkati kapena ali m'thumba. Kachipangizoko kankadya usiku wonse, pang'onopang'ono ngati chiswe, kuti kazitha kundiuza kuti wina akudya. Batire labwino silikanamva msanga, koma langa lokalambalo linkamva ndithu. Masabata atatu ndikusaka wakuba, ndikuzunza mphepo, mwana ndi therere, chikhalirecho wobera mavoti ndi monita.

"Koma aka n'kakuba nkhuku chabe," anatero. "Wakuba ng'ombe tiyeni timuone. Lizani."

Anyamata ake anakankha, inalira. Anabwezeretsa kachipangizo kaja, n'kundiuza kuti ndiwerenge. 12.3. Anati ndiyatse magetsi akutsogolo. 12.1. Anapukusa mutu. Akuti injini ikamalira, nambala imeneyo iyenera kukwera kufika pakati pa 13.7 ndi 14.7, chifukwa pamenepo olitaneta ndiye amakhala akudyetsa galimoto yonse ndi kubwezera batire zomwe linabwereketsa. Anazimitsa injini, n'kudina lamba wa olitaneta ndi chala chachikulu. Lambayo analowa ngati mkanda wa agogo.

"Batire silipanga moto, bwana. Limangosunga. Ngati palibe chothiramo, ngakhale mugule latsopano la m'pepala, mwezi sutha mubweranso mukukankhidwa."

Foni yanga inali ndi yankho limeneli kuyambira tsiku loyamba. Kungoti ine ndinkakonda kuwerenga usiku galimoto ili chigonere, osayang'ana ngakhale kamodzi pamene ikugwira ntchito.

Ndili pansi pa mango paja ndinaleka kuseka. Kuyeza ife timatha. Msewu wochoka ku Rumphi kudzera ku Nyika ndi Nthalire kudzafika kuno wayezedwa kangati, walonjezedwa pamisonkhano ingati? Wa ku Karonga uja tinaudikira zaka zoposa 40 chilandirireni ufulu mu 1964, mpaka anadzatimangira ndi anthu a ku China. Khofi wa ku Misuku, nyemba ndi chimanga cha kuno, ameneyo ndiye olitaneta, ndipo lamba wake ndi msewu, mlatho ndi msika. Lambayo ndi wokhwepa aliyense akuona, koma ife tili kalikiliki kusintha mabatire zaka zisanu zilizonse ndi kupempha mawaya kwa aneba. Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri ndachionera pagalasi langa lomwe: galimoto ikangolira, woyendetsa saima. Amati ndikaima izima. Okankha aja amatsala pamsewu, manja akuda, akutsokomola utsi, akukubayibitsa. Inenso ndawachita ana a eni zimenezi zaka zitatu, ndikungoimba hutala ngati zikomo.

Makaniko uja anakunga lamba, n'kuthira madzi a batire m'zipinda ziwiri zomwe zinaphwa. Ndalama yake sinafike ngakhale pa mtengo wa chogwirira cha batire la m'sitolo lija. Kope langa analipempha kuti azikulungira mabawuti. Monita ndinamuchotsa ntchito yogonera. Tsopano amakhala m'kabati, amabwera Lolemba lokha, injini ikulira, ndipo akamaliza kuwerenga ndimamusecha m'matumba.

Lolemba lapitali ndinalowa m'galimoto, ana ali kale pamalo awo, wamtali pakati, aafupi m'mbali. Ndinapotoza kiyi kamodzi. Inalira. Foni inati 14.2. Kumbuyo kunangoti zii, manja asanu ndi awiri kuwirikiza kawiri ali m'malere. Mayi a Mphatso anatuluka ndi chipande m'manja kudzaona ngati yabwera galimoto ya alendo.

Ndinatsegula zitseko zonse. "Lowani, lero mukwera."

Ndinawazungulitsa mpaka kumsika n'kubwerera, ndipo pamsikapo ndinaimika pamalo athyathyathya, dala, anthu aone. Tikutsika, kamodzi kakang'ono kanandikoka malaya, nkhope ili ndi nkhawa ngati kachotsedwa ntchito.

"Ndiye madala, ife tizikankha ndani?"

"Usadandaule mwanawe," ndinatero. "Uzidya nsima ukule. Pofika 2030 abwera okha kudzakupempha, ndipo adzabwera ndi nsalu."