Zengerezu Adalembedwa Ntchito

Akuluakulu adati Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ambiri timayesa kuti mkuluyu adathera kumudzi, pakhonde, akudikira kuti dzuwa lizizire kaye asanakapalire. Ayi ndithu. Zengerezu adapita kusukulu, adatenga digiri, ndipo lero ali ndi desiki, tayi ndi chidindo. Mukamufuna, lowani mu ofesi iliyonse Lolemba m'mawa, mutchere khutu. Mukamva wina akuti "tiziona kaye," mwamupeza.

Musamunamizire ulesi. Amalawirira kuntchito, amaweruka mochedwa, nkhope ili gwa ngati wasenza dziko. Luso lake ndi kuzengereza mwaulemu. "Tidikire abwana abwere." Abwana akabwera, "Apume kaye, achokera kutali." Akapuma, "Nkhani ngati iyi ndi ya komiti." Komitiyo ikakumana imagwirizana mfundo imodzi yokha, ya tsiku lokumananso, makamaka ku Mangochi kapena ku Salima, poti mphepo ya kunyanja akuti imatsegula mutu.

Ndipo musayese kulimbana naye pa miyambi, muchita manyazi. Mukamuuza za kwawukwawu, iye akubwezerani kuti kuthamanga si kufika, n'kuwonjezera kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Zoona zake zimenezo. Koma wofuna kuona maso a nkhono amakhala pomwepo, maso ali pa nkhonoyo, ndipo amadziwa chimene akudikira. Zengerezu waika fayilo m'dilowa, wakiya, ali pa WhatsApp. Mufunseni kuti mukudikira chiyani kwenikweni, nanga chibwera liti? Munthu wodekha amayankha: lipoti la akauntanti, Lachitatu. Zengerezu amatsokomola.

Kwawukwawu wa masiku ano amabwera ndi manambala. Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chaka cham'mbuyo mwake, mu May 2022, idagwanso ndi 25 peresenti. Mu November 2023 muja, aliyense amene anali ndi kotesheni ya katundu wochokera kunja itagona m'thireyi kudikira siginecha adadzuka m'mawa n'kupeza kuti ndalama ya makompyuta khumi yasanduka ya asanu ndi awiri. Palibe adaba. Palibe adalakwitsa kuwerengera. Pepala lidangokhala.

Apa m'pamene pali gwero la matendawa. M'maofesi ambiri amene amafunsidwa ndi wosaina. Ukagula makina n'kufa msanga, dzina lako lili pa pepala. Ukapanda kugula, ntchito n'kuima miyezi itatu, mlandu ndi wa "ndondomeko," ndipo ndondomeko siitanidwa kukadzifotokoza. Choncho munthu wanzeru zake amaphunzira msanga kuti cholembera chotseka sichichotsetsa ntchito. Ine ndimati amenewa ndi mantha chabe, ngakhale atavala jekete.

Jeff Bezos, amene adayambitsa Amazon, m'kalata yake ya chaka cha 2016 kwa eni masheya adalangiza kuti zinthu zambiri zigamulidwe munthu akadziwa pafupifupi 70 peresenti ya zomwe akadafuna kudziwa, chifukwa wodikira 90 peresenti amakhala wachedwa. Adasiyanitsanso zitseko: china ukalowa ungathe kutulukanso, china chimadzitseka kumbuyo kwako. Inde, n'kosavuta kulimba mtima kampani ikakhala yako, koma mfundoyo ndi yogwira. Kuchotsa munthu ntchito kapena kusainira ngongole ya zaka khumi, pamenepo gonani nazo, funsani, gonaninso. Koma kusintha tsiku la msonkhano, kuyesa sapulaya wina wa mapepala, kuyankha kalata ya kasitomala? Zikalakwika mudzakonza mawa. Zengerezu vuto lake zitseko zonse amaziona ngati za kundende.

Mayi wogulitsa tomato pa Lizulu Bezos samudziwa, koma phunziroli adalimaliza kalekale. Dzuwa likapendeka, madengu akadali odzaza, amatsitsa mtengo pompo. Sayitanitsa mkumano. Amadziwa kuti tomato sadikira maminitsi a msonkhano wapitawo.

Mankhwala ake si odula. Tiyenitiyeni sachoka, achoka ndi vundumuku. Msonkhano ukamatha ndi mawu akuti "izi zichitike msanga," wina alimbe mtima afunse kuti achita ndani, ndipo pofika liti. Mudzaona anthu onse akuyang'ana mabotolo awo a madzi. Musafulumire kuwapulumutsa, khalani chete mpaka dzina ndi tsiku zilembedwe. Kantchito kosatenga mphindi ziwiri, monga adalangizira mlembi David Allen mu 2001, kachiteni nthawi yomweyo, chifukwa kukalemba pa mndandanda wa zochita n'kotalika kuposa kukachita.

Ndipo polowa kwa abwana, siyani funso lakuti "Bwana, titani?" Funso limeneli limangosamutsa fayilo kuchoka m'dilowa yanu kupita mu yawo, ndipo mwina nawonso ndi a banja lomwelo la a Zengerezu, mbali ya kuchimuna. Nenani kuti, "Bwana, ndaona njira ziwiri, ine ndasankha iyi, ndipo ndiyamba Lachinayi pokhapokha mutandiletsa." Ulemu ulipo, tsiku lilipo. Akakana, mwamva yankho lero m'malo mwa mwezi wa mawa. Mbewa ya manyazi, paja, idafera kuuna.

Wina asakunamizeni kuti anthu ena adabadwa osatha kugamula. Ofesi yomwe imatha miyezi iwiri ikusinkhasinkha mtundu wa makatani imatumiza msonkho wa PAYE ku MRA pofika pa 14 mwezi uliwonse, chifukwa kuchedwa kuli ndi chindapusa. Ndipo fomu ya alawansi ikafika pa desiki ya Zengerezu, cholembera chimatseguka chokha. Safunsa komiti, sadikira abwana apume. Amasaina ataimirira, n'kuitengera yekha ku akaunti.