Tchuthi Chokoka Nyumba

Anthu a ku Britain ali ndi nyumba zabwinobwino, za madzi a m'mipope ndi zimbudzi zogejemula. Koma chilimwe chikafika, ena amakoka kanyumba ka matayala kotchedwa kalavani kupita kukavutika mwadala pamunda wa eni. Matendawa ndi akale: bungwe lawo la Caravan Club linayamba mu 1907.

Wongoyamba kumene amaphunzira msanga. Pobwerera m'mbuyo, akakhotetsera chiwongolero kumanja, kalavani imalowera kumanzere, anzake akuonerera, makapu a tiyi ali m'manja. Kenako amange buleki, aikhazike mosapendekeka kuti msuzi usathawire mbali imodzi ya poto, atsitse miyendo inayi ya m'makona, alumikize magetsi, akagubuduze mgolo wa malita 40 kuchokera kumpope. Tenti ya pakhomo ndiyo imayesa banja: bambo agwira zitsulo, mayi agwira pepala la malangizo, mphepo igwira zonse.

Ponyamuka, atseke gasi ndi mazenera a padenga, akweze miyendo, akataye yekha za m'chimbudzi. Woiwala kuzula chingwe cha magetsi amakumbutsidwa ndi phokoso. Pamisewu wamba lamulo silimulola kupitirira mamailosi 50 pa ola, choncho madalaivala am'mbuyo amapeza nthawi yokwanira yomutukwana.