Ndinalowa Nkhondo Itatha Kale

Mukadzatichezera kuno ku Chongwe, musadzafunse za chibokosi chakuda chili kuseri kwa chitseko, chimene thadzi la amake mwana limaikirapo mazira. Funso limenelo limadzutsa mlandu wa mu 2008, ndipo mlanduwo sunathe. Umangoimitsidwa kukabwera alendo.

Chaka chimenecho ndinakolola bwino. Kwacha inali isanadulidwe maziro atatu aja amene anadzachotsedwa mu Januwale 2013, choncho munthu ukagulitsa matumba angapo a chimanga unkatchedwa miliyoneya popanda kunamizira. Amake mwana anawerenga ndalamazo kawiri, nkuzimanga pa kansalu, nkundituma ku Lusaka kukagula malata. Anabwereza mawuwo katatu ngati akulankhula ndi mwana wa giredi wanu: malata, malata, malata.

Makilomita 45 a mu Great East Road ndinayenda ndili munthu wanzeru. Nzeru zinandithera ku Kamwala. Malatawo ndinawaonadi, ndinawagogodanso ndi chala. Koma pakhomo la sitolo ina panaima mnyamata wa tcheni m'khosi amene anandiitana mwaulemu woopsa.

"Bosi, ngenani muoneko chabe. Kuona ni mahala."

M'katimo munali TV yaphanthiphanthi, yaikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Pa TV-po panali mzungu akuthawa m'nkhalango, ndipo ndinaona thukuta la pamphuno pake, dontho lililonse ndi mthunzi wake. Ine amene ndinakulira mafilimu a Rambo a pa tepi, momwe nkhope ya munthu ndi chitsa zinkasiyana pokhapokha chimodzi chikayamba kuwombera, ndinangoti kukamwa yasa. Mnyamatayo anasisita makina amene anali pansi pa TV-yo nati dzina lake ndi HD DVD, ndipo ku Chongwe konse ndidzakhala woyamba kukhala nawo. Apa sananame. Chimene sanandiuze nchakuti ndidzakhalanso womaliza.

Mtengo wa makinawo anautsitsa ine ndisanayambe kulira. Pamenepo mpamene ndikanadzidzimuka, chifukwa wamalonda wa m'tauni akakuchotsera mtengo usanadandaule, ujeni alipo. Anandiikiranso mbasela: chimbale chimodzi m'kabokosi kofiira, filimu ya King Kong. Ndinakwera minibasi chibokosi chili pamiyendo, ndikuyang'ana okwera anzanga mwachifundo.

Zimene zinalankhulidwa m'nyumba mwanga usiku umenewo sizingalembedwe m'nyuzipepala yowerengedwa ndi ana.

Loweruka ndinaitana mudzi. Anabwera apongozi aakazi, a dikoni, ana osawerengeka, ndi mnansi wanga wachibemba amene timanyozana naye mwachimbuya kuyambira tsiku limene anasamukira kuno. Ndinayala chitenje pa tebulo, nkuikapo makina. Kenako ndinatembenuza TV yathu, ija ya mainchesi 14 yokhala ndi linunda kumsana, kufuna pobaya chingwe chimene mnyamata uja ankachitcha HDMI. Panalibe. Panali timabowo titatu tokha, kachikasu, koyera ndi kofiira, ndipo kofiirako munali mutamanga mavu.

Tinalumikiza ndi zingwe zakale. Makinawo anatenga nthawi kudzuka, ngati bwana amene sayankha moni woyamba. Chithunzi chitabwera, ndinayang'ana nkhope za anthu kudikira kufuula. Kunali zii. Chithunzicho chinali chimodzimodzi ndi cha deki yotchipa ya a dikoni, imene anagula pa mtengo wa nkhuku zitatu.

"Mwaona kuwalako?" ndinafunsa.

"Taona, bambo," anayankha apongozi, ndi mawu amene amagwiritsa ntchito pamaliro.

Filimuyo, imene anaikonza Peter Jackson wa ku New Zealand mu 2005, ndi ya maola atatu, ndipo ola loyamba lonse limatha chinyanicho chisanaoneke. Azungu amangokambirana, kukwera sitima yapamadzi, kukambirananso. Ana anayamba kutuluka mmodzimmodzi. A dikoni anawodzera. Pomwe chinyani chinatulukira m'nkhalango, mnansi wanga wachibemba anadzuka pampando, nameza malovu, nati ndiwo ngati imeneyo kwawo ku Kasama ingadyetse ukwati wonse mpaka otsuka mbale. Ndinamukumbutsa kuti ife a kum'mawa ndife anthu odziletsa, mbewa imodzi imatikwanira. Tili m'kati motukwanizana choncho, magetsi anazima. Mathero a filimuyo tinadzawaona ulendo wachinayi, ndipo apongozi ataona ndege zikupha chinyani pamwamba pa nyumba yosanja ku New York, anakhala mwezi wathunthu akutukwana ndege iliyonse yotsikira ku bwalo la ndege lija lili m'boma lathu lino.

Amene anandivula chigoba m'maso ndi mphunzitsi wina wa ku Chalimbana, munthu wowerenga zinthu zimene sanamutume. Ataona kabokosi kofiira kaja anavula magalasi, nandigwira paphewa monga amachitira wobweretsa uthenga wa imfa.

Anandifotokozera kuti kunja kuja kunali nkhondo. Mu 2006 kunatuluka mitundu iwiri ya zimbale zofuna kulowa ufumu wa DVD. Toshiba, mothandizidwa ndi Microsoft ndi Intel, inabweretsa HD DVD ya timabokosi tofiira. Sony ndi anzake anabweretsa Blu-ray ya timabokosi tabuluu. Zonse ziwiri zimawerengedwa ndi kuwala kwa laser yabuluu, kumene nkosongoka kuposa kofiira kwa DVD, monga singano imaposera msomali, choncho pachimbale chomwecho pamalembeka zambiri. DVD wamba imasenza magigabaiti 4.7, HD DVD 15, Blu-ray 25. Koma chimbale cha uyu sichinkalira m'makina a uyo, ndipo makampani a mafilimu a ku Hollywood anagawikana ngati mpingo pa nkhani ya chopereka. Sony inachenjera: inaika Blu-ray m'kati mwa PlayStation 3, moti mwana aliyense wolirira magemu ankalowetsa Blu-ray m'nyumba makolo ake osadziwa kuti avota. Pa 4 Januwale 2008 kampani ya Warner Bros inalengeza kuti ikutsata Blu-ray yokha. Masitolo akuluakulu a ku America monga Walmart anatsatira. Pa 19 Febuluwale 2008 Toshiba inakweza manja.

"Inu munagula liti, akulu?"

Ndinati mu Ogasiti.

Anavalanso magalasi aja kuti andione bwino. Ndiye kuti ine ndinalembetsa usilikali patatha miyezi isanu ndi umodzi nkhondo itatha, ku mbali yogonja, ndipo yunifolomu ndinagula ndi ndalama za malata. Anawonjezera kuti ngakhale ndikanagula wopambanayo, chithunzi cha mizere 1080 sichingakwane pa TV yanga ya linunda. Kuli ngati kuthira mgolo wa madzi m'kapu ya tiyi. Safunsa anadya phula, koma uja anadya phula laulere.

Mwamuna sagonja msanga. Ndinabwerera ku Lusaka kukasaka zimbale za timabokosi tofiira. Ndinazungulira Cairo Road, ndinalowa City Market, ndinafika mpaka ku msika wa Soweto. Mnyamata wina wogulitsa ma CD pa thebulo anamvetsera nkhani yanga mpaka kumapeto, kenako ananyamula chimbale cha m'kapepala ka pulasitiki.

"Mudala, apa pali mafilimu 20. Van Damme alipo, Jet Li alipo, Mr Ibu alipo. Imwe mufuna filimu imozi pa mtengo wa mbuzi?"

Ndinayesa kumuphunzitsa za thukuta la pamphuno. Anandifunsa ngati kwathu thukuta likusowa.

Apa mpamene akatswiri a Toshiba ndi Sony a ku Tokyo anaphonya, ndipo akanabwera kudzakhala sabata imodzi pa msika wa Chongwe akanasunga ndalama zawo. Ife filimu timagula ngati kapenta: timayang'ana kukula kwa mulu. Chimbale cha mafilimu 20 chija zithunzi zake zinali ngati zojambulidwa m'kati mwa utsi wa makala, ndipo nthawi zina mutu wa munthu unkadutsa kutsogolo kupita kukataya madzi, poti filimuyo anaiba ndi kamera m'nyumba ya kanema kwinakwake. Palibe anadandaulapo. Amake mwana ankalira misozi yeniyeni poonera apongozi ankhanza a m'mafilimu a ku Nigeria, ngakhale nkhope zawo zinali ngati mbatata. Makina anga a mtengo wa denga anathera pa ntchito imeneyo, kuliza zimbale za pa thebulo, ngati loya amene akugulitsa tomato.

Mlamu wanga wa ku Johannesburg anamva za tsoka langa ndipo pa Khirisimasi ina anabwera ndi makina a Blu-ray, kudzandionetsa mmene opambana amakhalira. Anali ndi zimbale zitatu. Patha zaka zambiri tsopano, ndipo akadali ndi zimbale zitatu. Pamene iye ndi ine tinkakangana za kofiira ndi kabuluu, ana athu anadumpha zonse ziwiri. Anayamba ndi fulashi, kenako memore khadi, ndipo lero amagona chafufumimba kuonera filimu pa foni ya galasi losweka, chithunzi chochepa ngati bokosi la machesi, nkumandipempha ndalama ya mabandulo.

Mphunzitsi uja anapuma ntchito koma sanasiye kundibweretsera nkhani za maliro. Ndiye anandiuza kuti mu 2019 Samsung inasiya kutulutsa makina atsopano a Blu-ray ku America, ndi kuti mu Febuluwale 2025 Sony yeniyeniyo inasiya kupanga zimbale za Blu-ray zojambulirapo. Tsiku limenelo ndinagula mayunitsi nkumuimbira mlamu wanga kumupepesa. Ndinamuuza kuti akafuna malangizo a kasungidwe ka chitsulo chakufa asachite manyazi, ine ndili ndi luso la zaka zambiri, ndipo thadzi limakonda pamalo pofunda.

King Kong sanatayidwe. Akulendewera pa ulusi kudimba, m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe, ndipo dzuwa likamuwomba amathwanima mpaka mbalame kuthawa. M'dera lonselo ndi repu wanga yekha amene amalonderedwa ndi magigabaiti ochuluka chotero.

Malata aja tinadzagula mu 2011. Anakagula ndi amake mwana okha, ine anandisiya ndikuyang'anira mbuzi. Sabata yatha mwana wanga wamkulu anandionetsa pa foni TV ina imene akuti ndi 4K, yoonetsa ngakhale nsabwe ya m'mutu mwa wosewera mpira, ndipo ndinangofunsa mtengo, kufunsa chabe. Amayi ake anali kukhitchini, koma ndinamva mthiko ukuima. Mawa ndikupita ku Lusaka kukagula feteleza, ndipo andipatsa mdzukulu wa zaka 9 kuti andiperekeze. Ndalama wasunga ndi iyeyo.