Maso a Nkhono ndi Sitima za pa Tebulo

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sadaname. Nkhono maso ili nawo, timadontho tiwiri takuda kunsonga kwa tinyanga take titalitali tija. Ukaigunda imatibweza m'kati, choncho wofuna kutiona ayenera kukhala pansi, kupinda manja, n'kudikira mpaka mwini wake atakhulupirira kuti kunja kwayera. Chimene akuluakuluwo adaiwala kunena n'chakuti ukatha kudikira konseko umapindulanji. Maso a nkhono sadyedwa, sagulitsidwa pamsika, ndipo palibe adapezapo banja chifukwa chowaona.

N'chifukwa chake mwambiwu masiku ano uli pa ulova. Munthu akatumiza uthenga pa WhatsApp, pakatha mphindi ziwiri osayankhidwa wayamba kale kuimba kuti amve ngati kwagwa zovuta. Ndalama ya pafoni ikachedwa pang'ono kulowa, ejenti wamva kale mawu oti sangawabwereze kunyumba. Nkhono ya lero ikanati idikire munthu wodekha, ikanakalamba maso ake osaonedwa.

Koma alipo anthu ena, ambiri a iwo ku Ulaya, ku America ndi ku Japan, amene mwambiwu sadaumvepo chibadwire koma amausunga kuposa eni ake. Amenewa ndi opanga tisitima ta matabwa. Amatenga sitima yeniyeni ya m'mbiri n'kuichepetsa mwa masamu, thabwa lililonse ndi chingwe chilichonse pamalo pake, mpaka ikwane pa tebulo. Salipidwa ndi munthu. Amati n'kupumula.

Matendawa amayamba ndi bokosi. Makampani monga Amati ya ku Turin, Billing Boats ya ku Denmark, OcCre ya ku Spain ndi Caldercraft ya ku England amagulitsa mabokosi okongola, pamwamba pake pali chithunzi cha sitima yothaitha, mbendera zili petupetu. Wogula akatsegula amapeza mtolo wa timatabwa topyapyala, timipukutu ta ulusi, timatumba ta tizitsulo, ndi mapulani oti ukawayala tebulo lonse latha. Apa mpamene bambo uja amauza akunyumba kuti, "Musadandaule amayi, tebuloli ndikubwezerani ikamafika Khirisimasi." Chaka cha Khirisimasiyo satchula.

Choyamba amaimika msana wa sitima ndi nthiti zake, kenako amapala m'mphepete mwa nthitizo kuti matabwa akagone bwino. Ndiye imabwera ntchito imene yathetsa mankhalu ambiri, yokuta thupi la sitima ndi timatabwa. Kathabwa kamodzi n'kotambalala mwina mamilimita asanu, kuchindikala kwake milimita imodzi kapena iwiri. Kouma sikapindika, kamangoti thyo! Ndiye amakaviika m'madzi otentha, n'kukapinda pang'onopang'ono pa chitsulo chofunda. Vuto lina n'lakuti sitima ndi yonenepa pamimba koma yowonda kumphuno, choncho kathabwa kalikonse kayenera kusongoledwa kumapeto kuti tonse tikakwane kutsogoloko. Akamata kamodzi kumanja, ayenera kumatanso kena kumanzere, apo ayi guluu akamauma amakokera mbali imodzi, sitima n'kupindika khosi. Akakhoma ndi timisomali, watha ntchito ya tsikulo, chifukwa tsopano woyang'anira ntchito ndi guluu, ndipo guluu sauzidwa zochita. Matabwa awiri kapena anayi pa madzulo amodzi, munthu wagwira ntchito yotamandika.

Pakapita miyezi, thupi lonse litakutidwa ndi kupalidwa ndi sandipepa mpaka see, mapulani amamuuza nkhani yabwino: aja anali matabwa a m'kati chabe. Pamwamba pake payenera kubwera ena a mtengo wokongola, opyapyala kuposa oyamba aja. Ayambirenso.

Opirira kwambiri amasankha HMS Victory, sitima ya nkhondo ya Britain imene idalowa m'madzi ku Chatham mu 1765, yomwe mkulu wa asilikali a pamadzi Horatio Nelson adaferamo pa nkhondo ya Trafalgar mu 1805. Mpaka lero ili pa doko louma ku Portsmouth. Poimanga padagwa mitengo pafupifupi 6,000, inkanyamula mizinga 104, ndipo zingwe zake zonse kuzilumikiza zinkakwana makilomita 42. Caldercraft imagulitsa sitimayi itachepetsedwa ka 72. Pa muyeso umenewu msilikali wamtali mamita 1.8 amasanduka kamunthu ka masentimita awiri ndi theka, sitima yonse imatalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo wofuna kuika chingwe chilichonse angafunike ulusi woposa theka la kilomita. Mu 1780 kunsi kwa Victory adakutako ndi malata a mkuwa 3,923 kuti tizilombo ta m'nyanja tisadye matabwa. Wopanga kasitima naye amamata timalata take, kamodzikamodzi, mzere ndi mzere, ndi kachitsulo kopanira.

Kachitsulo kopanira kameneka kali ndi khalidwe lake. Munthu wapana kamtengo kozungulira kokokera zingwe, kochepa ngati njere ya mapira koma kokhala ndi timabowo titatu, wayandikitsa diso pa galasi lokulitsira zinthu, waleka kupuma. Kenako kamangomveka kuti thi! Kapita. Amagwada, amayatsa tochi, amasesa ndi chikhato, amasuzumira pansi pa kabati. Opanga tisitima amanena okha kuti m'kalapeti mumakhala chilombo chimene chimadya tizipangizo totere, ndipo sichibweza. Kamtengo kaja kamapezeka patatha miyezi itatu, ndi phazi la munthu wopanda nsapato, usiku.

Zingwe ndiye mayeso omaliza. Milongoti imagwiridwa ndi zingwe zochokera pamwamba kutsikira m'mbali mwa sitima, ndipo pa zingwe zimenezi pamadutsa tina topingasa timene amalinyero ankapondapo pokwera. Paliponse pamene kachingwe kopingasa kakumana ndi chotsika pali mfundo, ndipo pa sitima ya milongoti itatu mfundozo zimakwana masauzande. Ulusi amayamba waukoka pa phula la njuchi kuti ubweya wake ugone, chifukwa pa kasitima kotere kaubweya kamodzi kamaoneka kutalika mkono wa munthu. Akakoka kwambiri mfundo imodzi, zingwe zimapanga chiuno, mzere wonse ayenera kuumasula. Mphaka wa pakhomo amaonerera zonsezi ali phee, akudikira nthawi yake. Nayenso mwambi uja amaudziwa.

Kudekha kotereku sikudayambe ndi mabokosi. Mu 1920, ku Thebes m'dziko la Egypt, katswiri wofukula zakale Herbert Winlock adapeza m'manda a nduna ina dzina lake Meketre timabwato ta matabwa ta zaka pafupifupi 4,000, tili ndi opalasa ake, kena kali ndi khitchini ndi ophika omwe. Tina tili ku Cairo, tina ku Metropolitan Museum ku New York. Ku England, m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, amisiri a m'madoko a mfumu ankapanga tisitima tochepetsedwa ka 48, ndipo tambiri tikusungidwa ndi National Maritime Museum ya ku Greenwich. Akatswiri atayamba kulowetsamo kakamera kaja madokotala amaonera m'mimba mwa wodwala, adapeza kuti m'kati muli timasitepe, tizitseko ndi tizipinda tosemedwa bwinobwino, m'malo amene mmisiri ankadziwa kuti akakhomera denga palibe adzaonemo. Ameneyu adaposa mwambi: maso a nkhono adawapanga yekha, n'kuwabisanso.

Ena kudekha adachita kupatsidwa. Pa nkhondo za Napoleon, amalinyero a ku France ogwidwa ukaidi ankasungidwa m'ndende za ku England monga Norman Cross ndi Dartmoor. Nthawi anali nayo yambiri, matabwa ochepa. Ndiye ankasunga mafupa a ng'ombe ndi nkhosa a m'ndiwo zawo, kuwawiritsa, kuwayeretsa, kuwacheka timizere, n'kupangira tisitima, zingwe zake nthawi zina za tsitsi. Mapulani analibe, ankangokumbukira sitima zimene adayendamo. Ankagulitsa pamsika wa pandende, ndipo lero tisitima timeneti timagulidwa ndi mapaundi masauzande. Kusiyana kwawo ndi opanga tisitima a masiku ano n'kwakuti a lerowa amadzitsekera okha m'chipinda, kiyi ali naye m'thumba, ndalama ya bokosi atalipira okha.

Wofuna umboni wa zimene zimachitika kudekha kukasowa apite ku Stockholm. Mfumu ya ku Sweden, Gustav II Adolf, inali pa nkhondo ku Poland ndipo inkafuna sitima yake yatsopano, Vasa, msangamsanga. Inali ya mizinga 64, yolemera kumwamba, yopepuka kunsi. Isananyamuke, adaiyesa pouza amuna 30 kuti azithamanga kuchoka mbali ina kupita ina. Atathamanga katatu, mkulu wa asilikali a pamadzi Klas Fleming ali pomwepo, mayesowo adaimitsidwa poopa kuti igubuduka padoko pomwepo. Palibe adalimba mtima kuuza mfumu. Pa 10 Ogasiti 1628 Vasa idanyamuka, mazenera a mizinga ali otsegula, kamphepo kadaomba, madzi adalowa, ndipo idamira itayenda mamita 1,300 okha. Anthu pafupifupi 30 adafa, ndipo kafukufuku amene adatsatira sadapeze woti alangidwe. Itavuulidwa mu 1961, patapita zaka 333, akatswiri adapezamo marula a amisiri: ena a muyeso wa ku Sweden wa mainchesi 12, ena a ku Amsterdam wa mainchesi 11.

Vasa yeniyeni adaimanga zaka ziwiri ndi miyezi. Lero ili m'gulu la sitima zimene opanga tisitima amazikonda kwambiri, ndipo ambiri a iwo zaka ziwiri zimawathera asanafike pa milongoti. Yawoyo siimira, pa chifukwa chimodzi chomveka: madzi siiwaona.

Mabokosi aakulu kuposa onse sadagulitsidwe m'sitolo. Mu 1954, pafupi ndi piramidi yaikulu ya ku Giza, adafukula dzenje muli ngalawa ya mfumu Khufu, yamkungudza, yotalika mamita 43, itaphwasulidwa zidutswa 1,224, yopanda msomali, yopanda pepala lofotokoza. Katswiri amene adapatsidwa ntchito yoilumikiza, Ahmed Youssef Moustafa, adakhala nayo zaka zoposa khumi. Ankapita kukaonerera okhoma mabwato a pa Nile, n'kumapanga timabwato ting'onoting'ono toyeserera asanakhudze matabwa enieniwo.

Nayonso nyanja ya Malawi idalandirapo bokosi lake. Chauncy Maples, sitima ya amishoni a UMCA, idapangidwa ku Glasgow n'kuphwasulidwa zidutswa 3,481, chilichonse chitalembedwa nambala kuti olumikiza asavutike. Zidutswazo zidakwera Zambezi ndi Shire, pamathithi zikusenzedwa pamutu, ndipo boyila yake ya matani 11 idakokedwa pamtunda ndi amuna 450 achingoni. Zitafika kufupi ndi Mangochi mpamene kudadziwika kuti mankhwala oteteza dzimbiri amene adakutira zitsulozo adafufuta manambala aja. Amisiri adatha zaka ziwiri akuyesa ichi pa icho, ndipo sitimayo idalowa m'madzi mu 1901. Wopanga kasitima amene akudandaula kuti mapulani a m'bokosi lake adawamasulira molakwika kuchokera ku Chitaliyana angachite bwino kumva nkhani imeneyi asanadye.

Komabe mwambiwu uli ndi msuwani wake amene amafanana naye nkhope. Akuluakulu omwewo adatinso zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo pa ntchito ya tisitima n'kovuta kudziwa kuti wakhala pampandoyo ndi uti mwa awiriwa. Bambo amene wakhala akuyang'ana thupi la sitima kwa miyezi isanu osamatapo thabwa amati akuganizira. Pa eBay pamapezeka mabokosi otsegulidwa kale, nthiti zitaimikidwa, matabwa atamatidwa theka, wogulitsa ali mwana kapena mdzukulu amene wawapeza kudenga pokonza m'nyumba. Amawagula ndi anthu ena odekha, amene ali kale ndi mabokosi anayi osatsegula pamwamba pa wadirobu.

Amene wafika kumapeto amapeza kuti ntchito yatsala. Fumbi limakonda zingwe, ndipo sitima ya zingwe mazanamazana siipukutidwa ndi kansalu. Pafunika bokosi lagalasi, limene nthawi zina mtengo wake umapikisana ndi wa sitima yomwe, ndi malo m'chipinda chochezera, amene amapezeka pokhapokha mpando wina utatuluka. Yinka Shonibare, mmisiri wa ku Britain wa makolo a ku Nigeria, vuto la fumbili adalithetsa mwa njira yake: mu 2010 adaika Victory yochepetsedwa ka 30 m'botolo lalikulu pa Trafalgar Square ku London, matanga ake a nsalu ya maluwamaluwa ya mtundu wa zitenje. Pano botololo lili ku Greenwich.

Tsiku loonetsa likafika, abale amasonkhana. Mwini sitima amaima pambali, magalasi ali pamphuno, akuyembekeza kuti wina aona kuti mzinga uliwonse uli ndi tizingwe take, kapena kuti ukasuzumira pa kazenera kakumbuyo uona tebulo la kapitawo. Mlamu wake amaizungulira kamodzi, amagwedeza mutu, amagogoda galasi ndi chikhadabo.

"Koma ndiye mwagwira ntchito, alamu. Nanga imayandama?"

Mwini sitima amafotokoza mwaulemu kuti guluu wake sagwirizana ndi madzi. Akunyumba amayala nsalu pa tebulo, banja n'kudyerapo koyamba m'zaka zinayi. Chakudya chili m'kati, pakhomo pamagogoda wa mtengatenga atanyamula bokosi lalitali lochokera ku Turin, ndipo amapempha kuti wina asainire.