Ndinakhetsa Oyilo Ndisanatsegule Pothirira

Galimotoyo si yanga. Ndi Toyota Hilux Surf ya amalume, ya injini ya dizilo ya 1KZ-TE, imene inagulidwa ku Japan itayenda kale, n'kutsitsidwa padoko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa Songwe. Maso atayamba kuwavuta, amalume anandipatsa makiyi n'kunena kuti, "Uziyendetsa ndiwe, koma uziisamala." Ntchito yake yaikulu ndi kupititsa mbewu ndi feteleza kumudzi kwathu, kumapiri a ku Dedza, komwe msewu wadothi ukanyowa galimoto yokoka ndi matayala awiri okha siikwera.

Kuti matayala onse anayi akoke, pali bokosi lachiwiri la magiya limene amakaniko amalitcha transfer case. Limakhala kumbuyo kwa giyabokosi, ndipo limagawa mphamvu ya injini kupita kumatayala akutsogolo ndi akumbuyo. Lili ndi oyilo wakewake, wa 75W-90, pafupifupi lita imodzi basi. Dzinja lathali ndinawoloka nayo mitsinje itadzaza, ndiye mtima sunkakhala pansi kuti mwina madzi analowamo. Novembala atayamba, matumba a feteleza ndi mbewu yachimanga zili kale pakhonde, ndinaganiza zosintha oyiloyo ndekha pabwalo la nyumba ku Lilongwe, kuti ndalama ya kugalaja ipite ku dizilo wa ulendo.

Bokosili lili ndi mabauti awiri otsekera, onse a mutu wa mamilimita 24. Yapansi ndi yokhetsera oyilo wakale, yapamwamba ndi yothirira watsopano. Ndinayamba ndi yapansi chifukwa ndi imene inali pafupi ndi dzanja langa. Inamasuka mosavuta. Oyilo anatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, umboni wakuti madzi analowadi, ndipo ndinasangalala kuti ndapulumutsa bokosi la amalume lisanawonongeke. Ndinadikira kuti akhe yense, n'kubwezera bautiyo, n'kuika soketi pa yapamwamba.

Sinasunthe.

Lamulo lake ndinali nditalimva kale kwa amakaniko, kuti bauti yothirira ndiyo imayamba kumasulidwa. Chifukwa chake ndinachimvetsa nditagona pansi pa galimotoyo. Ikakana oyilo akadali m'kati, palibe chataika, umangoliza galimoto n'kupita nayo kwa odziwa. Ine ndinali ndi bokosi louma lopanda polowetsera oyilo. Kuchotsa 4x4 sikukanathandiza, popeza ngakhale galimoto ikukoka ndi matayala akumbuyo okha, mphamvu imadutsabe m'bokosi lomwelo ndipo mabering'i ake amazungulira. Kuiyendetsa choncho kukanakhala kuwaotcha.

Apa m'pamene ndinayenera kuima, koma mantha anandipatsa liuma. Soketi yanga inali ya mano 12, yomwe imagwira bauti m'makona mokha. Mutu wa mabauti amenewa ndi waufupi, moti soketi siikhazikika bwino. Ndinalowetsa paipi kuchogwirira kuti mphamvu ichuluke, n'kukoka ndi thupi lonse. Soketi inaterereka, zala zinamenya chitsulo, ndipo makona awiri a bautiyo anapita. Ndinayesa sipanala yosintha kukula, nayo inadya makona ena. Ndinayesa pulayala. Pofika madzulo mutu wa makona asanu ndi limodzi unali utabulungira, wonyezimira, wopanda pogwira, ndipo magazi a chala changa anali atasakanikirana ndi oyilo pakatoni imene ndinagonera.

Usiku womwewo mlongo wanga anaimba foni. Mvula yagwa yambiri, anthu ayamba kudzala, mbewu ifika liti? Ndinamuuza kuti mawa. Ndinkadziwa kuti sizoona.

Kuimbira amalume kunandilemera kuposa zonse. Ndinawafotokozera mmene zinayendera osabisa kanthu, kuphatikizapo za paipi ija. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Usaikhudzenso. Bauti ndi ya ndalama zochepa, koma ukang'ambula bokosilo watigwetsa tonse. Kapeze wowotcherera, osati aliyense, koma wachikulire."

Amisiri amene anabwera anali bambo wa imvi, makina awo owotcherera atawamangirira panjinga ya kabaza. Anagona pansi pa galimoto, n'kuyang'ana nthawi yaitali asanagwire chida chilichonse. Anandiwonetsa ufa woyera umene unazungulira khosi la bautiyo. "Achimwene, iyi ndi chitsulo, koma bokosi ndi aluminiyamu. Ziwirizi zikakhala pamodzi pachinyezi zimadyana, n'kugwirana." Anawonjezera kuti galimoto zina zochokera ku Japan zimabwera kunsi kwake kutadyeka, chifukwa kumadera a chipale chofewa amathira mchere m'misewu. Panalinso washala wakale amene anaphwanyika mpaka kupyapyala, kusonyeza kuti amene anamanga komaliza anakoka mopitirira. Soketi yanga anaitembenuza m'manja n'kunena kuti pabauti yotere pamafunika ya makona asanu ndi limodzi, yogwira m'mbali monse, ndipo iwo yawo anaipala kukamwa kuti izimeza mutu wonse. Ndikanayamba ndi imeneyo, nditathira mafuta ofewetsa dzimbiri ndi kugogoda mutuwo ndi hamala, mwina ikanamasuka tsiku loyamba lomwelo.

Ntchito yawo inali yodekha moti ndinkaiwonera mpweya uli m'khosi. Anachotsa waya wa batire. Anapala mutu wobulungirawo mpaka chitsulo choyera chinawoneka, anapukuta oyilo yense pozungulira, n'kundipatsa ndowa yamchenga kuti ndiime nayo pafupi. Anaika nati yaikulu pamwamba pa bautiyo n'kuwotcherera m'kati mwa bowo lake mpaka ladzaza. Waya wa efi anaugwiritsa panati pomwepo, kuti magetsi asadutse m'mabering'i. Nati itafiira ine ndinatola sipanala, koma anandigwira mkono. "Dikirani kaye, moto ugwire ntchito." Kutentha kumaswa ufa wogwiranitsa uja, ndipo kukafalikira m'bokosi, aluminiyamu amafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, choncho bowo limamasukirako bauti.

Itazizirako anaigogoda pang'ono, n'kukoka ngati akumanga, kenako n'kubwerera nayo mbali yomasulira. Kunamveka kuti tha! Mtima wanga unagwa, poganiza kuti bokosi lang'aluka. Koma inali bauti ikusiya malo ake. Anapitiriza kuimasula pang'ono n'kuibweza pang'ono mpaka inatuluka, ndipo atalowetsa chala m'bowomo anati mazinga onse ali bwino. Miyendo yanga inkanjenjemera.

Bauti yatsopano ndi mawashala awiri ndinakagula kumashopu a masipeya m'tauni. Oyilo tinamulowetsa ndi kapaipi galimoto itaima pamalo osapendekeka, mpaka anayamba kudontha pakamwa pa bowo lothirira, umene ndi muyeso wake. Mabauti onse tinamanga ndi sipanala yoyeza mphamvu pa 37 Nm, monga Toyota imanenera. Ndinadabwa kuti ndi mphamvu yochepa chotero, ya dzanja limodzi.

Kumudzi ndinafika chinyezi cha mvula yoyamba chitatsala pang'ono kutha. Mayi ndi mlongo wanga sakanatha kudikira. Theka la munda anali atadzala kale chimanga chotapa munkhokwe, ndipo mbewu imene amalume anagula ndi ndalama zawo za penshoni inalowa mutheka lotsalalo, mochedwa. Mayi sanandikalipire, anangofunsa za chala changa chomangidwa nsalu. Ndinawauza zonse, kenako tinatsitsa matumba n'kupita kumunda tsiku lomwelo.