Chisanu Mukuchinamizira, Alamu

Johannesburg, Julaye

Okondedwa alamu,

 Kuno tili bwino, kungoti kukuzizira moti munthu ukadzuka umayamba wawerenga zala kuti uone ngati zonse zadzuka nawe. Uthenga wanu ndinaulandira, ndipo funso lake ndaona kuti n'lolemera, silingayankhidwe ndi mawu a pa WhatsApp amene mumakawatsegulira anzanu pa bawo. Mwati mwamva kuti kutsukitsa galimoto ku car wash nyengo yozizira kumawononga penti, ndiye kuyambira Meyi Toyota yanu ija sinakhudze madzi, ikudikira Seputembala ngati mwana wa sukulu woopa kusamba m'mawa. Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula, chonsecho phulalo tikulifuna kuti tipake pa galimoto. Mwafunsanso koyenera, chifukwa pa ntchito zimene a kwathu agwira kuno, kupatula kusamalira maluwa ndi za m'nyumba za mabwana, yotsuka magalimoto tinaiphunzira mpaka tikanayenera kupatsidwa madigiri. Yankho langa n'lakuti chisanu mukuchinamizira. Chimene chimadya penti ndi mchenga wopanikizika pakati pa galimoto ndi chopukutira, ndipo mchengawo sudziwa kuti uno ndi mwezi wanji.

Mphekeserayi tinachita kubwereka. Kwawo ndi kumaiko monga Canada, Britain ndi kumpoto kwa America, kumene madzi amaundana pamsewu ndipo boma limatuma malole kukawaza mchere kuti asungunuke. Inde alamu, mchere womwe uja mumadandaula kuti wachepa m'ndiwo. Ku Britain amaukumba pansi pa nthaka ku Winsford n'kumaumwaza mumsewu ngati akufesa mawere. Matayala amaponyera madzi amcherewo kunsi kwa galimoto ndi m'makona onse obisika, ndipo paliponse pamene kamwala kanagamula penti, mchere umafika pa chitsulo n'kuitana dzimbiri. Kumeneko munthu wothawa car wash m'nyengo yozizira ndiye amene akuipha galimoto yake, chifukwa mpope wopopera kunsi ndiwo umachotsa mcherewo. Chimene amachiopa iwo n'chakuti madzi otsalira m'maloko ndi m'mphira za zitseko amaundana usiku, m'mawa bwana n'kumazungulira galimoto yake yomwe ngati wakuba. Limenelo ndi vuto la chitseko, penti alibe nalo gawo. Chokukhudzani inu pa nkhani ya mchereyi n'chimodzi chokha: mukamagula galimoto yochokera ku UK, gwadani kaye musuzumire kunsi musanayambe kuyamikira mipando yachikopa.

Chisanu cha ku Joni n'cha mtundu wina. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa ngakhale tauni ya Dedza imene timaopsezera alendo, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mvula imakhala ili pa tchuthi. Usiku wina kuzizira kumatsika mpaka pa 0 kapena kupitirirako pang'ono, m'mawa udzu uli mbuu, koma ikamakwana 10 koloko dzuwa lili phwee ngati silikudziwa chimene chachitika. Sinowo anagwako pa 10 Julaye 2023, mzinda wonse unakhamukira panja kukajambulitsa, ndipo anthu asanamalize kutumizirana zithunzi n'kuti atasungunuka. Wam'mbuyo mwake anali wa mu 2012. Mchere wa mumsewu kuno kulibe. Chilipo ndi phulusa la tchire limene limapsa m'mbali mwa misewu ikuluikulu, utsi wa malasha wochokera m'mbaula za kumalokeshoni, ndi fumbi. Fumbi lake silamasewera. Chipezereni golide mu 1886, migodi yakhala ikupera miyala n'kuunjika zotsalira zake, ndiwo mapiri achikasu aja amaoneka cha ku Soweto. Mphepo ya mu Ogasiti ikayamba, mapiriwo amagawidwa mwachilungamo kwa aliyense, wa Benz ndi wa Tazz yemwe.

Kuti mumvetse mlandu wa fumbili, dziwani kuti penti wa galimoto ndi wopyapyala kuposa mmene amadzionetsera. Pansi pali wogwira chitsulo ndi kutsekereza dzimbiri, pakati pali mtundu uja munasankha mutakangana ndi achemwali anga, pamwamba pali vanishi woonekera mkati amene amanyezimiritsa zonse. Onse atatu pamodzi amangoposa pang'ono kukhuthala kwa pepala limodzi la m'kope, ndipo vanishi yekhayo sakwana theka lake. Tsono miyala ya m'migodi ija, monganso mchenga wa kudambo kwathu, mbali yaikulu ndi mwala wotchedwa quartz. Pa sikelo ya kulimba kwa miyala imene Friedrich Mohs anakonza mu 1812, yoyambira pa 1 kulekeza pa 10, quartz ali pa 7, pomwe chitsulo cha mpeni wa kukhitchini chili cha pa 5 ndi theka. Chinthu chokala mpeni, vanishi angachiuze chiyani? Komabe kamchenga kakangokhala phee pa boneti sikalakwa. Kamalakwa pamene munthu wakhama waika nsanza pamwamba pake, wakanikiza, n'kumakayendetsa mozungulira uku akuimba nyimbo ya kwaya.

Taonani mmene zimakhalira Loweruka pa car wash ya m'mbali mwa msewu, kaya kuno kaya ku Zingwangwa. Ndowa imayamba ntchito 7 koloko ili ndi madzi oyera ndi thovu. Ikamafika 11 koloko yasambitsa matekisi asanu ndi kabakki kochokera kumalo omanga nyumba, madzi ake afanana ndi thobwa, ndipo pansi pake pakhazikika mchenga wokwana kupulasitala bafa. Siponji imamira mpaka pansi pomwepo n'kutuluka italemera. Nsanza ikagwa pansi, mnyamata amaitola n'kuikutumula kawiri, ngati mchenga umaopa kukutumulidwa, kenako imachoka pa tayala n'kulunjika pa boneti osapuma. Galimoto imatuluka ikuwala, mwini wake amalipira n'kuwonjezerapo kena kake ka tiyi. Koma kaimikeni galimoto yakuda padzuwa kapena pansi pa getsi la pa filing'i usiku, muone timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude. Tonseto ndi mayendedwe a mchenga. Yoyera ndi yasiliva zimakalika chimodzimodzi, kungoti zimadziwa kusunga chinsinsi. Apa ndivomere kuti nyengo yozizira ili ndi kamlandu kake kochepa: fumbi limachuluka, mzere wa magalimoto umatalika, ndipo mnyamata amene zala zake zachita dzanzi m'madzi ozizira amafuna kumaliza msanga, sakhala ndi mtima wokatunganso ndowa ina. Koma ngati tikuzenga mlandu, chisanu chinangoperekeza, wakuba ndi ndowa.

Mwina muti mantha anu ali pa makina aja olowetsa galimoto m'chishedi, maburashi akuluakulu n'kumaizungulira ngati gule wamkulu wapeza mlendo pabwalo. Manthawo ali ndi maziko. Makina akale anali ndi maburashi a nayiloni olimba amene ankakwapuladi penti. Ambiri a masiku ano ali ndi nsalu kapena zofewa ngati siponji, koma makina sasankha: ngati patsogolo panu panalowa galimoto yamatope ndipo eni malo sasamalira maburashi awo, matopewo mulandira ngati chuma chamasiye. Palinso makina osakhudza galimoto n'komwe, ongopopera madzi amphamvu ndi mankhwala. Amenewa sakala, koma popeza alibe dzanja, amadalira mankhwala aukali amene amasukulutsa phula loteteza, komanso sachotsa litsiro lonse. Walira mvula walira matope. Choseketsa n'chakuti potulukira pake nthawi zambiri pamaima munthu ndi nsalu, kudikira kuti apukute litsiro lotsalalo, ndiye mwalipira ndalama zambiri kuthawa nsanza n'kukakumana nayo pageti. Monga Mmalawi ndinayenera kuikira kumbuyo manja a abale athu, poti malata ambiri akumudzi anagulidwa ndi siponji. Ndinene mwachilungamo: dzanja losamala limaposa makina alionse, koma dzanja la ndowa imodzi limagonja ngakhale kwa makina apakatikati.

Mutinso kodi madzi ozizira sang'alula penti? Pentiyo anawotchedwa mu uvuni wa kufakitale pa kutentha kopitirira madigiri 100, ndipo Toyota ngati yanuyo imayenda ku Hokkaido mu sinowo ndi ku Dubai m'chipululu, itavala chovala chomwecho. Chiperoni chimainyowetsa usiku wonse ku Thyolo popanda kung'aluka. Chimene chimang'aluka ndi galasi, pamene munthu wochedwa kuntchito wapeza lakutsogolo layera ndi chisanu n'kulithira madzi owira a m'ketulo, makamaka ngati linali kale ndi kabala ka mwala. Ngati mukufuna mdani wochokera kumwamba, yang'anani dzuwa. Madenga ndi maboneti amene mumawaona atasupuka ngati njoka yofundula anapsa ndi dzuwa la zaka zambiri, ndipo kumtunda ngati kuno limaluma ngakhale mu Juni. Dzuwa lomwelo limaumitsa madontho galimoto isanapukutidwe, n'kusiya timawanga toyera, makamaka madzi akakhala a pamjigo.

Tsono tifike pa nzeru yanu yoti isasambe mpaka kutenthe. Fumbi likanakhala lokha, mwina mukanapambana, poti tanena kuti likakhala phee sililakwa. Koma silikhala lokha. Mame a m'mawa amalinyowetsa pamodzi ndi phulusa, dzuwa n'kuliumitsa, tsiku ndi tsiku mpaka limamatirira. Zitosi za mbalame zimadya vanishi m'masiku ochepa, ndipo kuno kuli zimbalame zaphokoso zotchedwa hadeda zimene zikadalitsa boneti zimachita ngati zatumidwa. Ndiye pali ana, amene sangaone galimoto yafumbi osalembapo "nditsukeni" ndi chala, ndipo kalatayo imatsala pa vanishi ngakhale fumbi litachoka. Choopsa kuposa zonsezi ndi chizolowezi cha kwathu chimene aliyense amachitama kuti ndi ukhondo: m'mawa uliwonse, galimoto isanatuluke pageti, wina amatenga malaya akale ouma n'kupukuta fumbi kuyambira kudenga mpaka kubampala. Palibe madzi, palibe thovu, ndi mchenga ndi mphamvu za phala la m'mawa basi. Kalipentala amagula sandipepa ndi ndalama, inu mumamupanga nokha pakhomo kwaulere. Munthu wochita zimenezi kasanu pa sabata, n'kumakana car wash kuti ikuwonongera penti, ali ngati woopa jakisoni amene akumwa madzi a pachithaphwi.

Choncho ipititseni ikasambe, ngakhale mawa, koma musanapereke makiyi imani kaye muone mmene akutsukira ya mnzanu. Ayambe ndi kuthira madzi ambiri kuti fumbi litsike lokha dzanja lisanafike. Ndowa zikhale ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira siponji ulendo uliwonse isanabwerere ku thovu. Ayambire kudenga kutsika, ndipo nsalu ya matayala isadziwane ndi ya boneti. Sopo akhale wa galimoto, chifukwa wa mbale ndi waufa wochapira zovala anapangidwira kuchotsa mafuta, ndiye amachotsa ndi phula lomwe. Atsukire pamthunzi, cha m'ma 10 koloko kutafundako, kuti mnyamata wazala zozizira uja asakhale pa liwiro, ndipo kawirikatatu pa chaka aipake phula. Akakuuzani kuti ndowa yachiwiri n'kuwononga madzi, onjezerani kangachepe pa mtengo, n'kotchipa kusiyana ndi kukaonana ndi wopopera penti ku Ndirande.

Mundiperekere moni kwa amayi ndi kwa onse apakhomo. Ndowa yachiwiriyo ndidzabwera nayo pa basi ya Disembala pamodzi ndi nsalu zofewa ziwiri, koma pakadali pano musatenge ija achemwali amasungiramo madzi akumwa, chifukwa mlandu umenewo sindidzakuthandizani. Malaya akale aja apatseni ana apangire mpira.

Ndine mlamu wanu,
wa ku Joni