Mapiko salandira kalata ya penshoni

Pa 10 Okutobala 2018, namondwe wotchedwa Michael anatera pagombe la Florida ku America, mphepo yake ikuthamanga makilomita pafupifupi 260 pa ola. Panjira pake panali bwalo la ndege zankhondo la Tyndall, kufupi ndi mzinda wa Panama City. Madenga anasasuka, mitengo inathyoka, ndipo akatswiri atawonkhetsa anati zowonongeka pabwalopo zikuyandikira madola 5 biliyoni. Koma ine wa penshoni chomwe chinandikhudza ndi chithunzi chimodzi basi: ndege ya F-15 yomwe anaiika panja kuti anthu azingoiona, itagona chagada, matayala m'mwamba ngati mphemvu yopoperedwa mankhwala.

Musaipeputse. F-15 inayamba kuuluka mu 1972, ndipo ndege za mtundu umenewu zagwetsa za adani zoposa 100 popanda ngakhale imodzi kugwetsedwa ndi ndege ya adani. Oyendetsa ndege za adani anailephera. Inadzagonja itakalamba, ili chiimire pakapinga, kwa mdani wopanda ndi mfuti yomwe.

Ndege ikapuma pantchito nthawi zambiri amaichotsa injini ndi zida, n'kuipaka penti wonyezimira, n'kuimangirira pasimenti pafupi ndi chipata kuti alendo azijambulitsa nayo. Nditamva zimenezi ndinakhala chete, chifukwa ndi mbiri yanga yeniyeni. Nanenso anandipatsa wotchi yapakhoma, n'kundiombera m'manja, n'kundiika pakhonde. Adzukulu akabwera pa Khirisimasi amajambulitsa nane, kenako amapita kukacheza ndi anthu omwe injini zawo zikulirabe.

Vuto ndi loti mapiko sauzidwa kuti ntchito inatha. Ndege imanyamuka mpweya ukamadutsa pamapiko mwaliwiro, ndipo mapikowo safunsa ngati ikuthamanga ndi ndegeyo kapena mphepo. Liwiro la Michael ndi lomwe ndege zambiri zikuluzikulu zimanyamukira pabwalo. Onjezanipo kuti ndege yochotsedwa injini imapepuka. Ndiye gogo uja atamva mphepo ikumusisita m'nthiti anakumbuka unyamata, nati tiyeni. Kunyamuka ananyamukadi. Koma kutera kunalibe woyendetsa.

Ine sindingamuseke. Pachinkhoswe cha mdzukulu wanga ng'oma zitakolera, chiuno chinakumbuka beni wa kale osafunsa mawondo. Anandidzutsa anyamata, wina kumutu wina kumiyendo, amayi akuimbabe, ena akumati ndi sitepe yatsopano.

Chomwe chimandiwawa ndi tsankho. Namondwe asanafike, ndege za F-22 zomwe zinali bwinobwino anazithawitsira kutali, zina mpaka ku Ohio. Zokwana 17 zomwe sizikanatha kuuluka anazitsekera m'mashedi. Wopuma pantchito anamusiya panja kuti aone yekha chochita. Kwathu n'chimodzimodzi. Mitambo ikada, mayi a kunyumba amayamba kuanula ufa, kenako zovala, kenako amathamangitsira anapiye m'khola, kulowetsa njinga, mbaula ndi makala omwe. Mvula itayamba kale kudontha m'pamene amasuzumira pakhomo.

"Bambo, mukadali pomwepo? Talowetsani mpandowo unganyowe."

Tsiku lina ndinawafotokozera kuti Amereka ndi ndalama zawo zonsezo anasowa nzeru yaing'ono. Akanandifunsa ine, ndikanawauza kuti asanjike njerwa ndi matayala akutha pamapikopo, monga ndinachitira padenga la khitchini yathu. Ndinayankhula ngati injiniya, mpaka kujambula pansi ndi kamtengo.

Mayi anapitiriza kusankha nyemba osadzutsa nkhope.

"Khitchini iti, bambo? Ija malata ake tinakawatola kumunda kwa a mfumu? Njerwa zanu zinatsala, eya, zinagwera mumphika wa thobwa. Muwalembere kalata Amerekawo, koma muwauzenso kuti a mfumu akudikirabe nkhuku yawo ya chimanga chomwe malata anu anadula."